MLANDU SUOLA: ZA APHUNZITSI ACILENDO A KU ITALY

Kuli kuba kwa mitundu iwiri. Kwina ndi kuja kwa munthu wodza usiku, naboola nkhokwe, nathawa ndi cimanga kusanace. Ameneyo tonse tidziwa dzina lace, ndipo akagwidwa palibe womcitira cifundo. Koma kwina kucitika usana, dzuwa liri pamutu, m'nyumba zazikuru zoyera, ndi anthu obvala bwino ogwira colembera. Iwowa saboola nkhokwe ai, angosintha mau pa kalata, ndipo thukuta la mnzao la zaka zambiri lisanduka lao. Wakuba wotere anthu amuombera m'manja namucha bwana. Mwezi uno ndifuna kutula pa bwalo lanu, inu owerenga, mlandu wa kuba kwa mtundu waciwiriwu, kuti muuweruze ndinu. Pakuti ngakhale unacitikira kutali, tsidya la nyanja, simudzalephera kuzindikira fungo lace.

Ambiri a ife tiyesa kuti Mzungu wocoka kwao kukaphunzitsa Cingelezi m'makoleji a maiko ena angodya zonona ndi kugona pofewa. Alipo ena otero, sindikana. Koma alipo ambirinso amene akalamba ali m'mabwalo a milandu, kulondola mphotho ya nchito imene anaigwira kale. Mwa onsewa, mlandu womveka koposa ndi wa aphunzitsi acilendo a ku Italy.

Ciyambi cace ndi ici. Ana a ku Italy, monga ana a kwina konse, afuna kudziwa zinenero za anzao, makamaka Cingelezi, cimene cakhala cinenero ca malonda ndi ca maphunziro akuya. Afunanso Cifalansa, Cijeremani, Cispanishi ndi zina. Tsono akuru a sukulu zao zazikuru, zochedwa mayunivesite, anaona kuti mwana agwira bwino cinenero akacimva pakamwa pa mwini wace, amene anaciyamwira pa bere. Mwa ici analemba nchito eni zinenerozo, ocokera ku Britain, ku Ireland, ku France, ku Germany, ku Spain ndi kwina. Aphunzitsi awa anachedwa lettori, ndiko kunena owerenga. M'caka ca 1980 boma la Italy linaika lamulo la nambala 382 lokonza za mayunivesite, ndipo m'ndime ya 28 ya lamulolo munalembedwa za alendowa: kuti cipangano cao ca nchito cikhale ca caka cimodzi cokha, ndi kuti cingabwerezedwe caka ndi caka kosapitirira zaka zina 5. Ndiko kuti zikakwana zaka 6 munthu amange katundu wace.

Taimani pamenepa, muganizire bwino za moyo wa munthu wa cipangano ca caka cimodzi. Ameneyo sali mfulu. Caka cikamatha mtima uli m'mwamba, osadziwa ngati dzina lace lidzalembedwanso. Akamuunjikira ophunzira ocuruka kopambana mphamvu zace, akhala cete. Malipiro akacedwa, akhala cete. Mkuru wa nchito akamnyoza pamaso pa ana, amwetulira, nabwerera ku nyumba ndi ululu wace. Sangathe kukongola ndalama za nyumba, pakuti wokongoza afuna munthu wa nchito yokhazikika. Wogwira colembera ca kubwereza cipangano agwiranso lilime la wanchitoyo. Safunika kukalipa kapena kuopseza, kungocedwa kusaina nkokwanira. Ndiponso alendowa sanawerengedwe m'thumba lija la ndalama za pa ukalamba ndi pa matenda monga anchito ena a m'dzikomo. Koma nchito yao inali yeniyeni: anali kuimirira m'makalasi, kukonza maphunziro, kuconga zolemba za ophunzira ndi kuwayesa mayeso.

Tsono imvani cimene cikulitsa mlandu. Pa 25 March, 1957, maiko 6 a ku Ulaya, ndiwo Italy, France, West Germany, Belgium, Netherlands ndi Luxembourg, anapangana cipangano cacikuru, nacisainira mu mzinda wa Rome weniweniwo, likuru la Italy. M'ndime ya 48 analonjezana kuti munthu wa dziko limodzi la m'cipanganomo akhoza kukagwira nchito m'dziko la mnzace, ndi kuti kumeneko asasiyanitsidwe ndi eni dziko cifukwa ca mtundu wace, kapena pa kulembedwa nchito, kapena pa malipiro, kapena pa makhalidwe ena a nchito. Britain ndi Ireland analowa m'cipanganoci mu 1973, ndi Spain mu 1986. Italy palibe anamkakamiza kusaina. Ndiponso anapindula naco kwakukuru, pakuti ana ace ambirimbiri anali kugwira nchito ku Belgium, ku France ndi ku Germany, ndipo ndime yomweyo ndiyo inakhala cikopa cao. Akale anati lonjezo linadulitsa mutu wa mfumu. Kodi nkoyenera kuti dziko likumbukire lonjezo pamene ana ace ali alendo kwa eni, ndi kuliiwala pamene ana a eni ali alendo kwa ilo?

Akazi awiri ophunzitsa ku yunivesite ya ku Venice anakana kukhala cete. Wina anali Pilar Allué wa ku Spain, ndi wina Mary Carmel Coonan wa ku Britain. Mlandu wao unakwera kufikira ku bwalo lalikuru la maiko a m'cipangano, limene likhala ku Luxembourg, ndipo pa 30 May, 1989, oweruza anagamula kuti akaziwo analondola. Ndifuna mumve zifukwa zimene zinaperekedwa pochinjiriza lamulo lija, pakuti ndi zomwezo zimene olemba nchito onyenga anena pa dziko lonse.

Coyamba, kunanenedwa kuti kuphunzitsa m'koleji ya boma ndiyo nchito ya boma, imene dziko likhoza kusungira ana ace. Oweruza anakana, pakuti mphunzitsi wa cinenero sagwira ulamuliro wa dziko ai. Caciwiri, lamulolo silinachule mlendo ndi dzina, ndipo analipo Ataliyana ena amene anali lettori. Koma oweruza anayang'ana ciwerengero, napeza kuti mwa lettori 100 ali onse, eni dziko anali 25 okha. Msampha suleka kukhala wa nkhanga cifukwa cakuti wagwiramonso njiwa imodzi. Wochera adziwa njira imene nkhanga ziyenda. Cacitatu ndico codabwitsa. Kunanenedwa kuti mlendo akakhalitsa kunja kwa dziko lace cinenero cace cisukuluka, ndipo cifukwa cace ayenera kusinthidwa ndi wina wacatsopano. Ha! Kodi mwamuna wa ku Dedza atakhala zaka 6 ku Johannesburg aiwala kupempha madzi m'Cicewa? Oweruza anayankha kuti masiku ano anthu ayenderana ndi kumvana mosabvuta, kotero kuti ngozi yotere njocepa. Kuti koleji yokayika ikhoza kumuyesa mphunzitsiyo. Ndiponso kuti lamulo lomwelo silinaletse yunivesite yina kulemba munthu amene anatsiriza zaka zace 6 kwina. Tsono Cingelezi cimene caola ku Venice cikhala bwanji catsopano ku Padua? Poyera pamenepo kuti nkhawa sinali ya cinenero. Nkhawa inali yakuti munthu angazike mizu, nayamba kuwerenga zaka zace ndi kufunsa zace.

Munthu wa ulemu akagonja pa bwalo alipira mbuzi, nagwirana canza ndi mnzace. Koma kuno sikunatero. Malire a zaka 6 anagwa, koma cipangano ca caka cimodzi cinatsala, ndipo Pilar Allué ndi anzace anayenera kubwereranso ku Luxembourg. Pa 2 August, 1993, oweruza ananenanso kaciwiri kuti ngakhale cipangano ca caka cimodzico ndi tsankho, popeza aphunzitsi ena a m'dzikomo samangidwa cotero.

Pamenepo panaoneka kucenjera kwina. M'caka ca 1995 kunaturuka lamulo la nambala 236, limene linafafaniza dzina la lettori, niliika dzina lina lalitali, collaboratori ed esperti linguistici, ndiko kunena othandiza ndi odziwa za zinenero. Tinene zoona: lamuloli linabweretsa cabwino cimodzi, pakuti linatsegula njira ya cipangano cosawerenga zaka, ndipo linanena kuti zoyenera zao zakale zisungidwe. Koma taonani cimene cinacitika m'makoleji. Anthu aja anacotsedwa m'gulu la aphunzitsi, nawerengedwa pamodzi ndi anchito a m'maofesi ndi osamala zipangizo. Ndipo m'makoleji ena munthu amene anaphunzitsa zaka 10 kapena kuposapo anayesedwa ngati wofika dzulo, zaka zace zakale osawerengedwa pa malipiro. Kalasi ndi lomwelo, ophunzira ndi omwewo, coko ndi comweco, koma pa kalata salinso mphunzitsi. Ine nditi ici ndi cinyengo, ndipo sindipeza liu lina lofewa. Mukalemba munthu kuti akulimireni munda, nalima kuyambira kusosa kufikira kukolola, kodi mukhoza kunena pa tsiku la malipiro kuti iyeyu sanali wolima, anali woperekeza khasu? Dzina silisintha matuza a m'manja.

Ena a aphunzitsiwo anakana kusaina zipangano zatsopano. Anasonkhana m'mabungwe, ndipo mphunzitsi wina wa Cingelezi wocokera ku Scotland, David Petrie, wa ku yunivesite ya ku Verona, anatsogolera bungwe lochedwa ALLSI, nanyamula madandaulo ao kufikira ku nyumba ya malamulo ya Ulaya. Bungwe la European Commission, limene nchito yace ndiyo kuyang'anira kuti maiko asunge cipangano, linasumira Italy, ndipo linachula mayunivesite 6: la ku Basilicata, la ku Milan, la ku Palermo, la ku Pisa, La Sapienza la ku Rome, ndi Orientale la ku Naples. Pa 26 June, 2001, bwalo la ku Luxembourg linagamula kacitatu. Cifukwa cace cinali comveka kwa mwana yemwe: Italy anali nalo lamulo la 1962 lonena kuti wanchito wa cipangano ca kanthawi akasanduka wokhazikika, zaka zace ziwerengedwe kuyambira tsiku limene analowa nchito. Lamulo limeneli linali kugwira nchito pa eni dziko. Nanga linaleka bwanji pofika pa alendo?

Ngakhale pamenepo malipiro sanaoneke. Commission inabwereranso ku bwalo, nipempha kuti Italy alipitsidwe cindapusa ca ma euro 309,750 pa tsiku liri lonse kufikira atamvera. Poona moto uli pa denga, boma linafulumira kuika lamulo la nambala 63 m'mwezi wa March, 2004, lonena kuti aphunzitsi aja alandire monga ofufuza a m'yunivesite okhazikika ogwira nchito ya maora ocepa, kuwerengera kuyambira tsiku loyamba la nchito yao. Pa 18 July, 2006, oweruza anagamula kacinai kuti Italy sanamvere ciweruzo pa nthawi yoikika. Koma cindapusa sanaike, pakuti anati analibe umboni wokwanira wakuti kulakwako kunali kupitirirabe pa tsiku lozenga mlandu. Lamulo linali litalembedwa, ndipo kalata inaoneka yoyera. Apa oweruza anakhulupirira pepala, ndipo aphunzitsi ambiri anatsala akudikira.

Tsono cinthu coipa koposa zonse cinadza pa 30 December, 2010, m'lamulo la nambala 240, lochedwa ndi dzina la nduna ya maphunziro ya nthawi imeneyo, Mariastella Gelmini. M'ndime ya 26 boma linati likumasulira lamulo lace la 2004, ndipo kumasulirako kunali kwakuti kulingana kwa malipiro kuja kulekezere pa nthawi imene munthu analowa cipangano catsopano ca lamulo la 1995. Ndiponso linalamula kuti milandu ya nkhaniyi imene inali m'mabwalo a ku Italy ithe pomwepo. Taganizani, abale. Munthu ali ndi mlandu ndi nyakwawa, ndipo nkhani iri pakati, mboni zalankhula. Mwadzidzidzi nyakwawayo aimirira, nanena kuti kuyambira lero bwalo lino silizenganso milandu ya mtundu uwu, aliyense apite kwao. Kodi kumeneko ndiko kupambana mlandu? Iai, kumeneko ndiko kugwetsa mtengo wa pa bwalo kuti anthu asowe pokhala. Dziko locita cotero liphunzitsa ana ace phunziro loopsa, lakuti lamulo ndilo ndodo ya wamphamvu, yoitola ndi kuitaya monga afuna.

Pambuyo pace makoleji ena anakonza zinthu ndi aphunzitsi ao nawalipira, ndipo amenewo tiwayamike. Koma ambiri anazengereza, kotero kuti mu September, 2021, Commission inatsegulanso mlandu. Mu January, 2023, inacenjeza Italy kotsiriza. Ndipo mu July caka comweco inatumizanso nkhaniyi ku Luxembourg. Werengani nokha: kucokera 1989 kufikira 2023 ndi zaka 34. Mwana wobadwa tsiku limene Pilar Allué anapambana koyamba anali atakula, ndi kubala ana ace. Anyamata ndi asungwana amene anadza ndi tsitsi lakuda anapuma nchito ndi imvi, pa penshoni yowerengedwa pa malipiro ocepa. Ndipo ena anatsikira kumanda osaona cao. Wozengereza kulipira wokalamba adziwa cimene ayembekeza. Ayembekeza maliro.

Tsopano ndiyankhe iwo amene adzanditsutsa, pakuti ndidziwa alipo.

Wina adzati, Ngati sakondwa, bwanji osabwerera kwao? Mlendo ndi mame. Inde, mlendo wa masiku awiri ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma munthu amene mwamgwiritsa nchito zaka 20, amene wakwatira m'mudzi mwanu, amene ana ace alankhula cinenero canu ndi kukhoma msonkho wanu, ameneyo salinso mame. Ndi citsime cimene mwakhala mukumwapo. Kwao kumene mumtumako anakusiya ali mnyamata, ndipo malo ace anatenga ena. Ndiponso ngongole siitha cifukwa cakuti mwini wace wasamuka. Walira mvula walira matope: munafuna mwini cinenero, landirani kuti iyenso ndi munthu, adzadwala, adzabala, adzakalamba.

Wina adzati, Ku Italy munthu sakhala profesa popanda kupambana pa mpikisano wa boma, ndipo alendowa sanapite pa mpikisanowo; afuniranji kulingana ndi amene anabvutika nao? Mau awa ali ndi kulemera kwace, ndipo ndiwalemekeza. Koma onani kuti oweruza sanalamule kuti lettori asanduke maprofesa ai. Analamula cinthu cacing'ono: kuti zaka za nchito za mlendo ziwerengedwe monga ziwerengedwa za mwini dziko. Ndipo muyeso wa malipiro uja sanaukhazike ndi alendo. Anausankha ndi boma la Italy lokha mu 2004, nilisankha wa ofufuza a maora ocepa, pansi pa maprofesa onse. Nanga munthu akana bwanji mtengo umene anachula yekha pa msika?

Wina adzati, Makoleji alibe ndalama. Nkutheka. Koma wosowa ndalama woona mtima aitana mwini ngongole, nakhala naye pansi, napangana za kulipira pang'ono pang'ono. Sabwereka akatswiri a malamulo zaka makumi atatu kuti akane ngongoleyo. Ndiponso umphawi umene usankha mlendo yekha kuti ndiye agone ndi njala suli umphawi, uli tsankho.

Ndipo wina wa kuno kwathu adzati, Amenewo ndi Azungu okhaokha, alandira zambiri kopambana aphunzitsi athu, tiwalirirenji ife? Uyu ndiye ndifuna kumuyankha koposa onse. Cilungamo sicifunsa khungu la wolakwiridwa. Tikakondwera pamene wanchito woyera anyengedwa, tabvomereza kuti kunyenga wanchito nkololeka, ndipo mawa mpeni womwewo udzatembenukira kwa ife amene tiribe bwalo la ku Luxembourg lothawirako. Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Ngati anthu ophunzira, okhala ndi cipangano ca maiko pambuyo pao, opambana pa bwalo lalikuru kanai konse, anatha kuzunguzidwa zaka zonsezi, nanga mwana wathu wopita kunja ndi citupa ca miyezi yowerengeka adzaima bwanji?

Musayese kuti nthenda iyi iri ku Italy kokha. Ku Japan aphunzitsi acilendo a yunivesite ya boma la cigawo ca Kumamoto ananyanyala nchito mu 1998, podandaula kuti anaikidwa pa zipangano za kanthawi pamene anzao eni dziko anali okhazikika. M'dziko lomwelo lamulo linayamba kugwira nchito mu April, 2013, lonena kuti wanchito amene cipangano cace cabwerezedwa kopitirira zaka 5 akhoza kupempha kukhazikika, ndipo wolemba nchito sangakane. Kwa aphunzitsi ena ndi ofufuza a m'mayunivesite zakazo zinaonjezedwa kukhala 10. Lamulo labwino ndithu. Koma makoleji ena anapeza pozembera: anayamba kuleka kubwereza zipangano zaka zija zisanakwane, ndipo ocotsedwa anali eni dziko ndi alendo omwe. Lamulo loikidwa kuti likhale denga linasanduka khomo loturukira. Muzu ndi umodzi kulikonse: afuna nchito ya munthu, koma munthu mwini samfuna.

Sindinena kuti mphunzitsi aliyense wacilendo ndi wangwiro. Alipo amene alembedwa cifukwa ca citupa ca dziko lao cokha, osadziwa kuphunzitsa, nayesa kuti kubadwira m'cinenero ndiko kudziwa kucipereka kwa ena; alipo odzikuza, onyoza miyambo ya eni dziko. Koma mankhwala a ulesi ndiwo kumuyesa munthu poyera, kumcenjeza, ndi kumcotsa ngati salapa, monga acitira mwini dziko. Kulanga onse ndi cipangano ca caka cimodzi ndiko kuopsa akhama ndi kusiya aulesi odziwa kusyasyalika mkuru. Ndipo taonani kuti zoipa ziwirizi ziri pa phata limodzi. Koleji yolemba munthu cifukwa ca citupa cace, osati luso lace, ndiyo yomweyo idzamtaya cifukwa ca citupa comweco. Ndiyo yomweyonso idzakana mphunzitsi waluso wa ku Africa amene anaphunzira Cingelezi ndi thukuta, nadziwa mapindidwe ace onse. Poyang'ana citupa aleka kuyang'ana nchito.

Ndipo olipira mtengo wotsiriza ndi ana. Mphunzitsi wamantha saphunzitsa bwino. Wosinthidwa caka ndi caka sadziwa pamene ophunzira a dziko limenelo apunthwa. Wocitidwa cinyengo alowa m'kalasi ndi mtima wowawa, theka la nzeru zace liri kwa loya. Akuru a koleji ayesa kuti apulumutsa ndalama, koma azitenga m'mitu ya ophunzira ao.

Tisanaloze cala tsidya la nyanja, tikumbuke kuti nyani aseka cikang'a ca mnzace. M'caka comweco ca 1989, pamene oweruza a ku Luxembourg anali kunena kuti mphunzitsi asasankhidwe cifukwa ca kwao, kuno ku Malawi Dr. Hastings Kamuzu Banda analamula kuti aphunzitsi ocokera ku cigawo ca kumpoto abwerere kwao, ponena kuti sanali kuphunzitsa bwino ana a zigawo zina. Anthu anasanduka alendo m'dziko lao lomwe, mabanja anazulidwa, ndi sukulu zambiri zinataya aphunzitsi ozolowera nchito. Ambiri a inu mukumbukira. Mtima umene unacita cimeneco sunacoke ku Ulaya. Umera paliponse pamene munthu afunsa za mphunzitsi kuti ngwa kuti, asanafunse kuti aphunzitsa bwanji.

Cifukwa cace ndinena kwa inu amene mukhala m'makomiti a sukulu za m'midzi. Mukaitana munthu wa kwina kudzathandiza ana anu, nimumlonjeza ndalama, kapena nyumba, kapena matumba a cimanga, lembani lonjezolo pa kalata, mboni zione, ndipo mulisunge. Musamuche mphunzitsi pa tsiku la nchito ndi wodzipereka pa tsiku la malipiro. Pakabuka kusamvana pakati pa iye ndi mkuru wa sukulu, mumve mbali zonse ziwiri, ndipo musalole kuti woweruza akhale yemweyo amene ali ndi mlandu.

Ndinenanso kwa anyamata ndi asungwana athu ophunzira amene alakalaka kukaphunzitsa kunja. Musanakwere ndege, funsani zinthu izi, ndipo mayankho ace akhale olembedwa: cipangano nca zaka zingati, ndipo acibwereza ndani, dzina la nchito yanu pa kalata nlotani, pakuti mwaona kuti dzina likhoza kudya zaka za munthu, ndalama za pa ukalamba ndi pa matenda aziika ndani, cilolezo canu cokhalira m'dzikomo camangidwa pa wolemba nchitoyo kapena iai, ndipo mukasemphana naye, mlandu ukazengedwa kuti. Sungani kalata iri yonse ya malipiro. Ndipo mukafika, funani anzanu a nchito imodzi, mukhale nao pamodzi. Pakuti aphunzitsi a ku Italy akadakhala yense payekha, dzina lao silikadamveka ngakhale kunja kwa mpanda wa koleji.

Kwa akuru a makoleji ndi a maboma, kulikonse kumene ali, mau ndi ocepa. Wogwira nchito ya uphunzitsi achedwe mphunzitsi. Zaka zace ziwerengedwe kuyambira tsiku limene anayamba kugwira coko. Muyeso wa mwini dziko ukhale muyeso wa mlendo. Ndipo bwalo likagamula, lipirani munthu akali ndi mano odyera mphotho yace. Mukhoza kusintha dzina la nchito, mukhoza kumasulira lamulo cammbuyo, mukhoza kudikira kuti odandaula athe mmodzi mmodzi. Koma ana ao atsala, ophunzira ao akumbukira, ndi zolembedwa za bwalo ziri pomwepo ndi masiku ace. Mlandu suola.